Kodi pempho la mphunzitsi lidutse m'manja angati lisanavomerezedwe pa kompyuta?

Wa ku Chilomoni analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoyang'anira sukulu zisanu za mpingo wathu kuno ku Blantyre, zitatu mumzinda ndi ziwiri cha ku Lunzu, ndipo akuluakulu andituma kuti ndichotse mapempho a aphunzitsi ndi antchito ena pamapepala n'kuwaika m'pulogalamu ya kompyuta imene tagula chaka chino. Mpaka lero munthu akafuna tchuthi, ngongole ya pamalipiro kapena kusamukira kusukulu ina, amalemba fomu imene ahedi amasaina n'kuikapo chidindo, kenako fomuyo imakwera minibasi ndi aliyense amene akubwera kutauni tsiku limenelo. Teremu yathayi fomu ya mayi wina woyembekezera inapezeka m'kabati, pansi pa marejisitala, mwana atabadwa kale.

Pulogalamuyi ikufuna kuti ndiiuze amene azivomereza pempho ndiponso amene aziyamba kuliona. Ine ndimaganiza kuti pempho lililonse lizidutsa kwa ahedi, kwa woyang'anira antchito, kwa akauntanti, ndipo pomaliza kwa mlembi wa maphunziro, kuti pasapezeke wodandaula kuti anamudumpha. Inu amene munayalapo kale dongosolo lotere, kodi ndikuyenda bwino?

Mayi wa ku Limbe anayankha kuti:

Bambo, mukatero ndiye kuti mwangosamutsa kabati ija n'kuilowetsa m'kompyuta, ndipo fomu izigonabe monga inkagonera, kungoti tsopano izigona pamalo anayi. Musanakhudze pulogalamuyo, khalani pansi ndi pepala n'kuwagawa mapemphowo, chifukwa si onse amene ali mapempho enieni.

Alipo ena amene lamulo linavomereza kale ofesi yanu isanawaone. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kusintha kwa lamuloli kwa mu 2021 kunawonjezera masabata 2 kwa bambo wa mwanayo. Munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 akadwala, ndipo wabweretsa kalata ya kuchipatala, ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka. Pa zinthu ngati zimenezi akauntanti sali ndi choti avomereze kapena kukana. Chimene akufunika ndi kudziwitsidwa basi, kuti akonze malipiro. Ahedi atsimikize kuti kalata ilipo ndiponso apeze wogwirizira kalasi, woyang'anira antchito alembe masikuwo, nkhani ithere pomwepo. Ine kwathu ndinachita kuchotsa batani lokanira pa fomu ya uchembere n'kusiyapo lobwezera kuti munthu akonze zimene zasoweka, chifukwa batani likakhalapo tsiku lina wina adzalidina.

Tchuthi cha pachaka n'chosiyana pang'ono. Masiku ake ndi a lamulo, 18 kwa wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa wogwira masiku 5, koma nthawi yopitira ndi yokambirana, choncho ahedi ali ndi mawu, makamaka kwa alonda, ophika ndi makalaliki amene sapuma pamodzi ndi ana. Kumene kukufunikadi akauntanti ndi mlembi wa maphunziro ndi pamene ndalama zikutuluka, monga ngongole ndi alawansi ya paulendo, ndipo ngakhale pamenepo ikani malire akuti ndalama zochepa zithere kwa akauntanti.

Wa makompyuta ku Ginnery Corner anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Limbe, ndipo ine ndionjezere za mkati mwa pulogalamumo. Chachikulu ndi chakuti pempho lizipita kuudindo, osati kudzina la munthu. Mukalemba dzina la ahedi a sukulu inayake monga wovomereza, tsiku limene adzasamutsidwe kapena kupuma pantchito mapempho onse adzapitirira kulowa mu akaunti imene palibe akuitsegula, ndipo aphunzitsi adzangoona kuti pempho lawo likudikira osadziwa kuti likudikira munthu amene ali kumudzi. Pangani udindo wakuti ahedi a sukulu yakutiyakuti, muikemo munthu, ndipo pambali pake muikenso wachiwiri wawo, kuti masiku awiri kapena atatu akadutsa popanda yankho pempholo lizisunthira lokha kwa wachiwiriyo.

Mufunsenso amene anakugulitsani pulogalamuyi kuti pempho losayankhidwa limakhala moyo masiku angati. Mwachitsanzo, mu pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Power Automate ntchito imene yayambika imafa pakatha masiku 30, ndipo tchuthi cha pakati pa Julayi ndi Sepitembala n'chokwanira kupha mapempho onse amene analowa sabata yotsekera. Palinso funso limene ambiri amaiwala mpaka litawagwera: ahedi eniake akafuna tchuthi, avomereze ndani? Mukapanda kukonza njira yawoyawo, pulogalamu idzawatumizira pempho lawo lomwe kuti adzivomereze okha.

Za chidindo musade nkhawa kwambiri, popeza lamulo la 2016 la zochitika pa makina a intaneti limazindikira siginecha ya pakompyuta, bola aliyense azilowa ndi akaunti yakeyake, osati pasiwedi imodzi yolembedwa pakhoma la ofesi. Koma kalata ya kuchipatala isaonedwe ndi aliyense amene ali pamzere wovomereza. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulolo, akauntanti alibe chifukwa chodziwira matenda a mphunzitsi.

Ahedi a ku Bangwe anayankha kuti:

Anzanga awiriwa anena zomveka, koma onse akulankhula ngati munthu amadziwiratu za mawa. Uthenga wa maliro umafika usiku, ndipo pofika 5 koloko m'mawa mphunzitsi ali kale pa depoti ku Limbe kudikira minibasi ya ku Mulanje, foni ili ndi chaji chochepa, bandulo inatha dzulo. Munthu ameneyo sangatsegule fomu, ndipo ine sindingamuuze kuti ayambe wadikira yankho la kompyuta mayi ake ali chigonere m'nyumba ya chisoni. Amandiimbira, ndimamupepesa, ndimagawa ana ake m'makalasi ena belu lisanalire. Choncho, achimwene a ku Chilomoni, mutipatse njira yakuti ahedi athe kulemba pempho m'malo mwa mphunzitsi, kapena kuti mwiniwake adzalembe atabwerako, ndipo pulogalamu isakane deti la m'mbuyo. Mukatseka khomo limeneli, ife tidzapitiriza kumvana pafoni, ndipo kompyuta yanu idzaonetsa kuti kusukulu kwathu kulibe amene anajombapo chaka chonse.

China n'chakuti muonetsetse kuti aphunzitsi anu amalipidwa ndi ndani. M'sukulu zambiri za mipingo muli aphunzitsi a boma, ndipo amenewo nkhani yawo yosamuka imadutsa kwa PEA (mlangizi wa sukulu za pulaimale) wa zoni n'kukafika ku ofesi ya maphunziro ya boma, osati kwa mlembi wa maphunziro wa mpingo. Komanso Lunzu ili pansi pa ofesi ya maphunziro ya Blantyre Rural pamene sukulu zanu zitatu zili mu Blantyre Urban, kotero wochoka ku Lunzu kubwera mumzinda akudutsa malire a maofesi awiri. Pulogalamu yanu ingasunge kalata yosonyeza kuti mpingo ulibe chotsutsa, koma isamuuze munthu kuti wasamutsidwa.

Wa ku Chilomoni anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndafufuza, ndipo ndapeza kuti m'sukulu ziwiri za ku Lunzu aphunzitsi ambiri ndi a boma, chinthu chimene sindinachiganizire n'komwe. Ndiyamba ndi fomu ya tchuthi yokha pa sukulu imodzi ya mumzinda teremu ikubwerayi, ndipo za ngongole zidikire mpaka akauntanti ndi mlembi atagwirizana malire a ndalama. Ahedi a ku Bangwe, ndithandizeni pa chimodzi ichi: wobwera kumaliro mumamupatsa masiku angati kuti alembe fomu yake, ndipo mumawerenga kuyambira tsiku limene ananyamuka kapena limene wafika pasukulu?