Bezi ya nitro kapena ya poly: ndalama yowonjezerayo ndikugula mawu kapena penti?

Wabezi_waKuNyanja:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanatumize ndalama. Ndimaimba bezi kutchalitchi kwathu kuno ku Salima, ndipo Loweruka lina ndi lina timakaimba kumaukwati ndi anzanga. Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg wandipezera ma Fender Jazz Bass awiri ogwirapo kale ntchito, onse opangidwa ku Mexico. Imodzi ndi Player, inayo ndi Road Worn ya kapangidwe ka m'ma 1960.

Road Worn ikudula kuposa inzakeyo, chonsecho pazithunzi ikuoneka yosupukasupuka m'mbali. Wogulitsa akuti kusupukako nkwa kufakitale, ndipo penti wake ndi nitrocellulose (nitro mwachidule), wopyapyala, amene amalola thabwa kupuma, nchifukwa chake mawu ake amamveka okoma kuposa a penti wa polyurethane (poly) amene akuti ali pa Player. Player ija ikuwala mbee, yopanda kachilema.

Mundidziwe bwino: kuno kumatentha, mu Okutobala manja anga amachita kuyenderera thukuta, bezi ndimainyamula m'chikwama chofewa pa minibasi, ndipo nthawi zambiri timaimba panja usiku. Kodi za mawuzi nzoona? Nanga ndi penti uti amene angapirire moyo woterewu?

Mkonzi_waMagitala:

Achimwene, ndiyambe ndi za kupumazo. Thabwa la gitala linadulidwa, linaumitsidwa, silipumanso. Ndipo ngakhale Fender yeniyeniyo, kuyambira cha m'ma 1963, inkayamba yapaka mankhwala otseka timabowo ta thabwa otchedwa Fullerplast isanapopere nitro pamwamba. Mabezi akale amene anthu amawatamandawo, ambiri thabwa lake linali lotsekeka kale pansi pa pentiyo.

Nitro sanasankhidwe chifukwa cha mawu. Precision Bass ya Fender itatuluka mu 1951, kenako Jazz Bass mu 1960, ameneyo ndiye anali penti wamba wa m'mafakitale, wouma msanga, wosavuta kupopera. Mitundu ina yowala ija inkachokera ku penti wa magalimoto wa kampani ya DuPont: Duco anali nitro, Lucite anali acrylic. Ndiye kuti ngakhale mwa mabezi a m'ma 60 muli ena amene mtundu wake si nitro nkomwe. Kampani ya CBS itagula Fender mu 1965, cha m'ma 1968 anasamukira ku poly, chifukwa amalimba ndipo ntchito imatha msanga. Gibson, kampani ina ya magitala, ndi imene inakakamirabe nitro mpaka lero.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kaumidwe. Nitro amauma thina, mankhwala osungunulira penti aja, akamauluka, ndipo amapitirizabe kuuluka pang'onopang'ono kwa zaka, nchifukwa chake pentiyo amanka napyapyala, nasanduka wachikasu, nachita timing'alu. Mukamuthira thina lero, amasungunukanso. Poly amasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa, akagwirana wagwirana, thina wamba samusunthanso. Ndikonzeko pang'ono: thupi la Player yanuyo ndi polyester, khosi lake ndiye la urethane wosawala. Anthu amangoti poly zonsezo, koma polyester nthawi zambiri ndi wochindikala komanso wouma gwa.

Tsono za mawu. Pa gitala ya bokosi, imene thabwa lapamwamba ndi lopyapyala ndipo ndilo limatulutsa mawu, penti wochindikala amapondereza ndithu. Pa bezi yamagetsi thupi ndi chithabwa chokhuthala pafupifupi masentimita anayi ndi theka, ndipo pikapu, kachipangizo kotola mawu pansi pa mawaya, imamva kugwedera kwa waya wachitsulo pamwamba pa maginito. Mawaya atsopano kapena otha, kutalika kwa pikapu, pamene mukukhwatchira ndi chala, ampu ndi sipika, chilichonse mwa izi chimasintha mawu kuposa penti. Ndagwira mabezi ambiri a mitundu yonse iwiri pabenchi panga, ndipo atandimanga nsalu kumaso sindingakuuzeni kuti iyi ndi nitro.

Ngati ziwirizo zikumveka mosiyana, yang'anani kwina. Road Worn ili ndi mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi) aang'ono achikale, ndipo pamene mumapondapo zala ndi pobulungira kwambiri, 7.25 inchi, pamene Player ndi 9.5 (nambala ikachepa, kubulungirako kumakula). Chitsulo chowongolera khosi pa Road Worn chimamangidwira kumunsi, kumene khosi likulowa m'thupi, pamene pa Player chili kumutu, pongolowetsa kiyi basi. Kwanuko, kumene chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa chilimwe zimakoka khosi uku ndi uku, zimenezi zidzakukhudzani kuposa penti.

Chimene ndikufuna muchimve kwambiri ndi ichi. Mwati mumaimba panja usiku ku Salima. Ndiye kuti mumadzola mankhwala othamangitsa udzudzu. Ambiri mwa mankhwala amenewa ali ndi DEET, ndipo DEET amasungunula nitro. Pamene mkono wanu umatsamira pamakhala pomatamata, kenako pamatsala chipsera chosachoka. Perefyumu ndi sanitayiza nazonso zimamuwononga. Mphira wa pa sitandi zotchipa, ngakhale lamba wa pulasitiki mukamusiya atagona pa thupi la bezi m'chikwama, amadya nitro mpaka kusiya mzere. Poly zambiri mwa izi sizimuopsa.

Kwa moyo umene mwafotokozawu, ine ndikanatenga Player, ndalama yotsalayo nkugulira bokosi lolimba ndi mawaya abwino.

Chala_Chachinayi:

Bambo Mkonzi anena zoona pa mawu, sinditsutsa. Koma nitro asangoponyedwa kunja choncho. Ine ndili ku Manchester, ndimaimbira Precision ya nitro, ndipo chimene ndimaikondera ndi m'manja. Kuseri kwa khosi pentiyo anaperepeseka ndi chala changa chachikulu mpaka pafika posalala, dzanja limangotsetsereka. Pamene mkono umakhudza pakuoneka thabwa. Bezi imeneyi ikukalamba nane limodzi, ndipo ndikaitsegula m'bokosi imanunkhira kafungo kake kamene poly alibe. Kwa ine zimenezo nzamtengo, ngakhale omvera sadzazimva.

Poly sakalamba motero. Amakhala watsopano mpaka tsiku limene bezi idzagwe, ndiye amabenthuka ngati mbale yadothi, chibenthu chakuthwa m'mbali, ndipo kuti mubise pamenepo ndi ntchito. Nitro akakandika, wodziwa amapoperapo wina, watsopanoyo nkusungunukira mwa wakaleyo, osaonekanso polumikiza.

Vuto langa kuno ndi kuzizira. Ukachoka panja m'nyengo ya chisanu nkulowa m'holo yofunda, sutsegula bokosi nthawi yomweyo, umadikira kaye lifunde. Ukapupuluma thabwa ndi penti zimafutukuka mosiyana, timing'alu nkuyala thupi lonse. Ku Salima chisanu kulibe, koma kuchotsa bezi m'galimoto imene yakhala padzuwa nkuilowetsa m'chipinda cha makina oziziritsa kungachite zofananazo. Ndivomerezenso kuti kukatentha nitro amamata m'manja a thukuta, makamaka akadali watsopano.

Road Worn ili ndi ubwino umodzi pa minibasi: inabwera yokandika kale, ndiye kukandika kwina sikudzakupwetekani mtima.

Wabezi_waKuNyanja:

Zikomo kwambiri nonse. Za DEET zandidzidzimutsa, chifukwa botolo lake limakhala m'thumba lomwelo la chikwama cha bezi. Ndifunsenso ziwiri. Msuweni wanga angatsimikize bwanji kuti pentiyo ndi nitro weniweni, osati mwina munthu anapentanso? Chachiwiri, bezi yanga yakaleyi ndikufuna ndiipatse mnyamata wa kwaya amene akuphunzira, koma penti wake anatha. Kodi opopera magalimoto angaipente?

Mkonzi_waMagitala:

Kuyesa kwake nkosavuta, koma apemphe kaye chilolezo kwa mwini wake. Amasule chipulasitiki chakutsogolo chija, apeze malo obisika, adonthezepo kadontho ka acetone, yemwe uja amayi amachotsera penti wa m'zikhadabo, ndi kathonje. Nitro amafewa nthawi yomweyo ndipo kathonjeko kamamata. Poly sasintha. Asayese poonekera, chifukwa chipseracho chimatsala.

Mukatenga Player ndipo tsiku lina yabenthuka, dontho la supagulu limatseka balalo kuti lisapitirire. Khosi lililonse la poly likayamba kuwala nkumamata, lipukuteni pang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri, kapena kasiponji kokwechera kaja. Musagwiritse waya wotsukira mapoto, tizidutswa take timathamangira ku maginito a pikapu.

Wopopera_2K:

Funso lachiwirilo ndi langa, ndimapenta magalimoto ku Lilongwe ndipo magitala angapo adutsapo m'manja mwanga. Penti amene timamutcha 2K ndi wa banja lomwelo la urethane, penti ndi hadena wake womuumitsa, ndiye inde zimatheka, ndipo amatuluka wowala bwino.

Koma mubwere ndi thupi lokha. Chotsani khosi, mapikapu, mawaya ndi zitsulo zonse. Mumuuze wopentayo amate tepi m'kabowo kamene khosi limakhalamo, apo ayi penti akadzaza mmenemo khosi silidzakhalanso bwino. Asachotse penti wakale ndi giraindala monga timachitira pa chitsulo, thabwa limakumbika ndipo m'mbali mumataya maonekedwe. Ngati wakaleyo ndi poly ndipo sakusupuka, kungomukwecha ndi sandipepa nkupopera pulaimala pamwamba nkokwanira. Asaunjikenso filala, bezi imalemera ndipo mnyamatayo ndi amene adzavutike nayo paphewa.

Chinanso, musatengeke nkugula 2K kuti mukapopere nokha kuseri kwa nyumba. Hadena uja ali ndi isocyanate, amene amawononga mapapo ndipo amayambitsa mphumu, kansalu kapamphuno sikateteza. Nitro nayenso ndi woopsa mwa njira yake, sachedwa kugwira moto, ndipo mukamupopera mumayenera kudikira milungu itatu kapena inayi kuti aume bwino musanamupolishe. 2K mawa lake amagwirika.

Wabezi_waKuNyanja:

Ndamuimbira msuweni, ndamuuza atenge Player ndipo afunsenso mtengo wa bokosi lolimba komweko. Achimwene a 2K, ndikamasula bezi yakaleyi ndikulemberani kuti tigwirizane za mtundu, mnyamatayo akufuna wofiira.