Khansa ya chithokomiro: kodi ana tingawayezetse kuti kuno ku Joni?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni.

Achimwene anga, a zaka 41, amakhala ku Rosettenville. Awapeza ndi khansa ya chithokomiro, mtundu womwe adokotala akuutcha medullary. Opaleshoni ili mwezi wamawa, akachotsa chithokomiro chonse komanso timwanabele ta m'khosi, ndipo azidzamwa mapiritsi a levothyroxine, olowa m'malo mwa ntchito ya chithokomiro, moyo wawo wonse. Izi tazivomereza, ngakhale iwo akuopa kuti mawu angadzasase, poti mtsempha wa mawu umadutsa pomwepo.

Chomwe chikundisowetsa tulo n'china. Adokotala anati mwa odwala 4 aliwonse a khansa imeneyi, pafupifupi mmodzi amakhala kuti anachita kuyamwira kwa makolo, chifukwa cha kulakwika kwa jini (kachinthu ka m'thupi komwe timatengera kwa makolo) yotchedwa RET. Ngati achimwene ali nayo jini yolakwikayo, mwana aliyense akhoza kuitenga, 50 peresenti. Mayi athu anamwalira ndi chotupa cha pakhosi kumudzi ku Dedza, osayezedwa. Achimwene ali ndi ana atatu, awiri ali kuno, wamng'ono ali kwa agogo ake ku Malawi. Inenso ndine magazi omwewo.

Ndinapita ku kiliniki ya kuno komwe ndimakhala kukafunsa zoyezetsa, anati ndibwere ndi kalata ya dokotala. Ku labu ya pulayiveti mtengo wake sitingaukwanitse, tilibe medical aid. Foni ya kuchipatala ndaimba kangapo, sikuyankhidwa.

Alipo anayezetsapo za majini ku NHLS (labu ya boma) ku Braamfontein? Kalata amalemba ndani, dokotala wa opaleshoni yemweyo? Amalandira munthu wa pasipoti ya Malawi, ndipo munalipira zingati? Nanga mwana ali kumudziyo tichite naye bwanji?