Botolo la kashiamu la amayi: ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Chilomoni: Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga, a zaka 67, anathyoka mkono atangoterereka pakhonde. Adokotala akuti mafupa awo anafooka chisiyireni kusamba, ndipo awalembera alendronate, mankhwala a mafupa ofooka. Ku famase akuti ndigulenso botolo la kashiamu wokhala ndi vitamini D. Zonse ziwiri mwezi ndi mwezi thumba silingakwanitse. Botololi n'lofunikadi?

Wa ku Bangwe: Gulani kashiamuyo achemwali, fupa limalimba ndi kashiamu. Mankhwala enawo azakhali anga anawasiya, ankati amawotcha pachifuwa.

Namwino wa ku Limbe: Pepani amayi a ku Bangwe, apo ndikukana. Munthu amene wathyoka kale fupa pongoterereka, kashiamu yekha samuteteza mokwanira. Mayi akasiya kusamba, homoni ya amayi yotchedwa estrogen imachepa m'thupi, ndiye fupa limagumuka msanga kuposa mmene thupi likulimangira. Alendronate amachepetsa kugumukako. Kashiamu ndi njerwa chabe, khoma likugwabe.

Za kuwotchazo, kamwedwe kake n'kofunika. Piritsi la 70 mg ndi kamodzi pa sabata, m'mawa asanalawe kanthu, ngakhale tiyi, ndi kapu yodzaza ya madzi. Akatero asagone, asadye, mpaka padutse mphindi 30. Mufunsenso ngati anawayeza impso, ndipo ngati pali dzino lofunika kuzula, adokotala adziwiretu.

Wa ku Bangwe: Koma ndinamva kuti mankhwalawo safuna thupi loperewera kashiamu.

Namwino wa ku Limbe: Munamva zoona. Pa msinkhu umenewu amafunika pafupifupi 1,200 mg patsiku, koma sikuti yense achokere m'botolo. Usipa, matemba ndi bonya zodya ndi minga yomwe, chambiko, bonongwe, zonsezi zili naye. Vitamini D thupi limapanga lokha akamawothera dzuwa. Ngati amadya movutikira kapena amangokhala m'nyumba, pamenepo botololo ligulidwe ndithu, kungoti asamwere limodzi ndi alendronate, amatsekerezana m'mimba.

Wa ku Ndirande: Amayi anga mapiritsi a alendronate anawakanika chifukwa cha vuto la kum'mero, adokotala anatchula zoledronate, wa diripi kamodzi pachaka. Ndiye zikavuta musangosiya mwakachetechete, bwererani kuchipatala. Ngati amayi anu amamwa mankhwala a prednisolone kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, anene, amenewonso amafooketsa mafupa.

Wa ku Chilomoni: Zikomo nonse. Usipa ndi bonongwe amadya bwino, dzuwa amawothera m'mawa uliwonse. Ndiyamba ndi alendronate, za botolo ndikafunsa adokotala tikapita kukachotsa pulasitala.