Yamaha DX7 ya kutchalitchi yataya mawu ake onse: kodi ingabwererenso?

Woimba_limba_Chilenje:
Moni nonse abale. Ndine woimba limba pa tchalitchi chathu ku Chilenje, ndipo chaka chatha mkulu wina wa mpingo anatipatsa Yamaha DX7, kiyibodi yamagetsi ya mtundu woyamba uja wa 1983, imene inakhala m'kabati mwake zaka zambiri. Inkalira bwino mpaka Lamlungu lapitali, pamene nditaiyatsa ndinapeza kuti mayina a mawu pa kagalasi kake asanduka zilembo zosawerengeka, ndipo ndikadina makiyi imangopokosera ngati wailesi yosagwira siteshoni. Katiriji ya mawu imene inabwera nayo inasowa kalekale. Anzanga a m'kwaya akuti yapsa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, choncho tiitaye. Kodi yafadi?

Wokonza_wa_ku_Kamwala:
Achimwene, musaitaye. Ngati kagalasi kakuyaka ndipo mabatani akuyankha, ndiye kuti ubongo wake uli moyo. Chimene chafa ndi kabatire kakang'ono ka CR2032, kofanana ndi ndalama yachitsulo, kamene kamasunga mawu 32 a m'kati limba likakhala lozimitsidwa. Dinani FUNCTION kenako batani la 14, ndipo ikusonyezani mphamvu ya batirelo. Ikakhala pansi pa mavoti 2.2, nthawi yake yatha.

Vuto n'lakuti a Yamaha anachita kuwotcherera batirelo pa bolodi, kotero silichoka ndi chala. Pitani kwa munthu wodziwa kugwira kachitsulo kowotcherera, osati aliyense wokhala ndi tebulo la mafoni m'mbali mwa msewu, chifukwa timizere ta mkuwa ta pa bolodi yazaka 40 timasupuka msanga tikatenthedwa kwambiri. Muuzeni kuti asawotcherere batire lina pomwepo koma aikepo kachotengera kake, kuti tsiku lina mudzangosintha nokha. Ine ndimakonda kukalumikiza ndi mawaya awiri n'kukamata pambali, kutali ndi bolodi.

Musanailumikizenso ku magetsi, werengani kachikwangwani kakumbuyo. DX7 zopangidwira msika wa ku Japan zimafuna mavoti 100, pamene kuno ku Zambia tili ndi 230, ndipo imodzi ndinaionapo itanyeka thiransifoma chifukwa mwini wake anangosintha pulagi.

Mayi_wa_kiyibodi_Matero:
Ndikuvomereza zimene anena abambo a ku Kamwala, koma dziwani kuti batire latsopano silibweza mawu amene anatayika. Muyenera kuwatumiza kuchokera pa kompyuta kudzera pa MIDI (njira yolumikizira zida zoimbira zamagetsi ndi kompyuta), monga fayilo ya SysEx, yomwe ndi mtundu wa fayilo yonyamula zoikika za limba. Fayilo imodzi imanyamula mawu onse 32 ndipo kukula kwake ndi mabaiti 4,104 basi, moti imalowa m'masekondi osakwana awiri. Funani pa intaneti imene imatchedwa ROM1A. Ndi imene ili ndi E.PIANO 1 pa nambala 11, mawu a piyano onga belu aja amene anadzaza nyimbo za m'ma 1980.

Pa limbalo, zimitsani kaye MEMORY PROTECT ya INTERNAL, imene imaletsa kulowetsa mawu atsopano m'limba, ndipo kumbukirani kuti imadziyatsanso yokha nthawi iliyonse mukazimitsa ndi kuyatsa. Kenako pitani pa FUNCTION 8, muike tchanelo cha MIDI pa 1, mudinenso 8 n'kusintha SYS INFO kuti ikhale AVAIL. Chingwe cholembedwa OUT chochokera ku kompyuta chilowe pa bowo la IN la limba. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Potumiza, pulogalamu ya MIDI-OX imathandiza pa Windows ndipo SysEx Librarian pa Mac, koma ine ndimakonda Dexed, yomwe ndi yaulere, popeza imakulolani kumva mawuwo pa kompyuta musanawatumize.

Chimene chinandidyera sabata yathunthu ndi chingwe. Ndinagula chotchipa cha USB m'tauni, chopanda dzina, chokhala ndi kabokosi kakuda pakati. Manotsi ankadutsa bwinobwino, mwakuti sindinachikayikire n'komwe, koma fayilo yaikulu chinkaidula panjira ndipo limba linkangoti zii. Nditabwereka chingwe cha Roland UM-ONE kwa mnzanga, pa ulendo woyamba womwe kagalasi kanalemba kuti MIDI RECEIVED.

Wokonza_wa_ku_Kamwala:
Amayi anena zoona pa nkhani ya chingwe. Ndiwonjezere kamodzi kamene kamazunguza anthu: fayilo ija imabweza mawu okha, koma zoikika za pansi pa FUNCTION zimakhalabe zosokonekera. Mukaona kuti mayina abwerera koma mawu ena akumveka motsika kwambiri kapena mopotoka, yang'anani MASTER TUNE, muzimitse portamento (kutsetsereka kwa mawu kuchoka pa notsi ina kupita pa ina), muonetsetse kuti ili pa POLY (kuliza manotsi angapo nthawi imodzi), ndiponso muzimitse EG BIAS (imene imasintha kukula kapena kamvekedwe ka mawu) pa gudumu la modulation, pa chopondera, pa chopumira ndi pa aftertouch (kukanikiza kiyi yodinidwa kale).

Woimba_limba_Chilenje:
Zikomo kwambiri abambo ndi amayi. Ndayang'ana kumbuyo ndipo yathuyi ndi ya magetsi a kuno, kotero mtima wakhala pansi. Batire tasinthitsa dzulo, ndipo laputopu ya mlembi wa mpingo ndabwereka kale. Chatsala ndi chingwe chodalirika. Ngati alipo wa ku Kabwata kapena Libala amene angandibwereke chake Loweruka masana, tisanayambe kuyeserera nyimbo za kwaya, andilembere pano.