Mpeni wa Case: timadontho 7 kapena 8? Kasitomala akubwera Loweruka

Chiku wa ku Benoni: Anzanga a geni ya zakale, ndithandizeni msanga, mutu wanga waima. Lolemba ndinaoda katoni ya zitsulo kunyumba ya mkulu wina amene anamwalira, ana ake akugulitsa zonse. M'katimo muli mipeni yopinda 11, yambiri Okapi ndi ya ku China, koma umodzi ndi wa kampani ya Case ya ku America, wa zodulira ziwiri, chogwirira cha fupa, patani 6254. Patsinde palembedwa CASE XX, pansi pake U.S.A., kenako timadontho, koma dzimbiri lagwira pomwepo. Ndikawerenga padzuwa ndikupeza 7, ndi tochi ya foni ndikupeza 8. Pachitsulo cha kumutu kwa chogwirira pali nambala 214, ndipo mwana wa malemuyo akuti ndi limited edition, kutanthauza kuti inapangidwa yowerengeka chabe. Bokosi palibe, pepala palibe. Pali kasitomala amene amatolera ya Case yokhayokha, akubwera Loweruka ndipo akufuna chaka chenicheni. Ndikwecheko ndi sandipepa yosalala kuti tioneke?

Bambo Nkhoma: Ayi mwana wanga, sandipepa ikhale kutali. Ukangokwecha, mtengo wagwa pomwepo. Dontheza mafuta a makina osokera, usiye usiku wonse, mawa utokose ndi kamtengo ka machesi n'kupukuta ndi nsanza yofewa. Tochi usaiwunikire pamwamba, igoneke chammbali kuti kadontho kalikonse kakhale ndi mthunzi wake. Mawerengedwe ake ndi awa: mu 1970 anaika timadontho 10 pansi pa U.S.A., ndipo chaka chilichonse ankachotsapo kamodzi mpaka kutsala kamodzi mu 1979. Ndiye 8 ndi 1972, 7 ndi 1973.

aMbewe: Bambo Nkhoma, apa ndikukana. Timadontho 7 ndi 1977. Ine ndinagulitsa wa timadontho 7 chaka chatha, ndinauza wogula kuti 1977, analipira osawiringula.

Bambo Nkhoma: AMbewe, timadonthoti timachepa chaka ndi chaka, sitionjezereka. Wa 1977 uli ndi 3. Wogula wanuyo anangokhala chete chifukwa anaona kuti mwamupatsa wakale kuposa mmene munanenera.

anaPhiri ku Cape Town: Achimwene a Chiku, musanafike pa kuwerenga yang'anani kaye pamene timadonthoto tili. Mu 1980 anayambiranso pa 10, koma anatiika pakati pa CASE XX ndi U.S.A., ndipo chilembo S anachilemba ngati mphezi. Tikakhala pamwamba pa U.S.A. ndipo S ndi wa mphezi, 7 ndi 1983. Kuyambira 1990 ankangolemba chaka chenicheni m'manambala, otolera sanakondwe nazo, mu 1993 anabwerera ku timadontho. Ndiye 7 akhoza kutanthauza zaka zitatu zosiyana. Tumizani chithunzi cha pafupi.

Chiku wa ku Benoni: Achemwali, tili pansi pa U.S.A., ndipo S ndi wamba. Chithunzi foni yanga ikukana, ikungoonetsa zachimbuuzi ndikayandikitsa.

anaPhiri ku Cape Town: Gulani kagalasi kokulitsa ka anthu okonza mawotchi, mujambulire kudzera m'menemo. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Zaka zinayi zapitazo ndinagula Case wolembedwa CASE XX U.S.A. wopanda kadontho ngakhale kamodzi, zimene zimasonyeza 1965 mpaka 1969. Ndinalowetsapo mpamba wa sabata yonse. Mzimayi wina wachikulire amene amatolera mipeni anautenga, sanayang'ane n'komwe zilembo, anangoyendetsa chikhadabo patsinde n'kundiuza kuti ndigwire ndekha. Panali kadzenje kosalala pansi pa U.S.A., ndipo chitsulo chinali chopyapyala pamenepo kuposa mbali inayo. Munthu anapala timadontho tonse kuti mpeni wa m'ma 1970 uoneke wa m'ma 1960. Ena amapala ndi U.S.A. yemwe kuti uoneke wa pakati pa 1940 ndi 1964. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpeniwo ndili nawo mpaka lero, ndimasendera mango.

aMbewe: Zopalazo ndikuvomereza. Koma za kuwerenga ndikunenabe kuti 7 ndi 1977. Kampani yanji ingawerenge chobwerera m'mbuyo?

Wonola wa ku Limbe: AMbewe, ine ndimagwira chitsulo tsiku lililonse. Chidindo chake n'chachitsulo cholimba, timadontho totukuka. Kupala kamodzi pakutha pa chaka n'kosavuta kusiyana ndi kupanga chidindo chatsopano. Chanzeru chake n'chimenecho. Koma Chiku, ine changa n'chakuti usanole. Anyamata amabwera pano ndi mpeni wa agogo awo kuti ndiugwetse pa mwala wa injini, ndimawakana. Wina anabwera ndi wa Joseph Rodgers wa ku Sheffield, wa nyenyezi ndi mtanda uja, bambo ake anaupeza akugwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Anali atapita kale kwa wonola wina, nsonga itadyeka, chitsulo chitapsa mpaka kuda, theka la dzina litapita. Ndinaugwira m'manja mtima ukundipweteka. Pa ya Sheffield mawu oti England amathandiza, chifukwa anayamba kuwaika cha m'ma 1891 kutsatira lamulo la msonkho la ku America lofuna dzina la dziko pa katundu wolowa. Pa uja malo amenewo anali atafafanizika.

Bambo Nkhoma: Tibwerere pa nambala 214 ija, chifukwa m'pamene pandidetsa nkhawa. Chidindo cha patsinde chimakuuza chaka cha chodulira chokha. Sichikuuza kuti unali wa chiwerengero chochepa. Mipeni yotero nthawi zambiri imakhala ndi zolemba zopepuka pankhope ya chodulira, osati zodinda, ndipo imabwera m'bokosi ndi pepala lake. Zolemba zimenezo zimachoka ndi polishi wamba, n'chifukwa chake ndikukuletsa kupukuta mwamphamvu. Pendeketsa chodulira chachikulu padzuwa uone ngati pali mthunzi wa zilembo. Ngati palibe, nambala yokha siikwanira, aliyense wa mashini ozokotera makapu a mpira akhoza kuilemba. Onanso ngati patani ikugwirizana ndi mpeniwo: 6 ndi fupa, 2 ndi zodulira ziwiri, 54 ndi mtundu wa Trapper. Ukanakhala wa nyanga ukanayamba ndi 5. Zikasemphana, dziwa kuti wina anaumasula n'kusintha zinthu. Yang'ana timisomali ta chogwirira ngati tamenyedwa ndi hamala, komanso ngati zodulira zonse ziwiri zadyeka mofanana.

Chiku wa ku Benoni: Bambo, fupa ndi fupa ndithu, lofiirira, lili ndi kamng'alu pafupi ndi kamsomali ka pakati. Zodulira zonse zadyeka pang'ono mofanana. Zolemba pankhope sindikuziona. Ndiye kwa kasitomalayo ndinene chiyani? Ndamuuza kale pa WhatsApp kuti ndi limited.

anaPhiri ku Cape Town: Mlembereni lero lomwe kuti wogulitsa ndiye ananena choncho koma pepala palibe. Anthu amenewa amadziwana onse, akakugwirani kamodzi sabweranso ndipo amauzana. Kamng'aluko mumuonetse nokha asanakaone.

aMbewe: Ine ndikanalemba 1977 pa kapepala ka mtengo basi. Ndakhala pa geni imeneyi zaka 15.

Bambo Nkhoma: AMbewe, chonde musamusokoneze mnyamatayu. Akalemba 1977 pa mpeni wa timadontho 7, kasitomala wa Case adzangouika pansi n'kuchoka.

Yohane ku Leeds: Pepani ndalowerera. Chiku, mu Okapi zako muli yolembedwa Made in Germany? Usaigulitse pamulu ndi inzake. Okapi inayambira ku Solingen mu 1902, ndipo inasamukira ku South Africa mu 1988, ndiye ya ku Germany ilipo anthu oifuna. Koma aliyense wobwera kuno asaike ya mphete ija m'thumba. Lamulo la kuno ku England limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wa chodulira chosapitirira mainchesi 3 komanso wosakhoma. Okapi ya mphete imakhoma. Ngakhale Trapper wakoyo amapitirira pang'ono muyezo umenewo.

Wonola wa ku Limbe: Ya ku Germany ija inali chitsulo chenicheni, imagwira mwala bwino. Malume anga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ankasendera nzimbe ndi kuchekera fodya mpaka chodulira chinatsala ngati singano. Kapena alipo akudziwa kumene ndingapeze sipuling'i yake? Ndili ndi iwiri pano yothyoka msana.

Yohane ku Leeds: Achimwene, gulani yatsopano yotchipa muchotse sipuling'i, koma muyeze kaye kutalika, sizifanana zonse.

aMbewe: Chiku, mafuta aja aonetsa angati? Ngati ndi 8 ndiye 1978.

anaPhiri ku Cape Town: Achimwene a Chiku, Loweruka ladutsa. Kasitomala uja anabwera?