Thandizeni: kalata yopepesa maliro kwa a Pulezidenti ndiilembe bwanji?

(Zokambiranazi ndi za mu June 2024, a Chakwera akadali Pulezidenti.) Abale ndi alongo, ndigawireni nzeru. Ndine mlembi wa kagulu kathu kothandizana pa maliro, ife Amalawi okhala ku Johannesburg. Anzanga andituma ndilembe kalata kwa a Pulezidenti Chakwera yopepesa imfa ya wachiwiri wawo, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 omwe atisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024. Tikufuna ifike masiku 21 okhuza malirowa asanathe.

Chandiimitsa mutu ndi ichi: kwathu timapepesa anamfedwa. Nanga pano namfedwa ndani? Ndikalemba kuti "pepani bwana", zikumveka ngati maliro ndi awo okha, chikhalirecho ifenso misozi sinaume. Komanso ena m'gulumu akuti ndiikemo funso loti ndege ya asilikali ija inauluka bwanji nyengo itaipa chotero. Kodi si mwano umenewo?

Mayankho

Mayi wa ku Ntcheu: Pepani achimwene, tonse taferedwa. Lembani makalata awiri. Anamfedwa enieni ndi Mayi Mary Chilima, ana ndi abale ku Nsipe. Kumeneko mawu akhale ofewa, a pa siwa. Kwa a Pulezidenti muziti "tikulira nanu limodzi", chifukwa iwo ali ngati mwinimudzi amene maliro agwa m'mudzi mwake.

Mphunzitsi wopuma: Yambani ndi "Wolemekezeka", osati "bwana". Mawu oti "anafa" asapezekemo, nenani kuti "atisiya" kapena "malemu". Ndipo chonde musalembe "ndi ena" basi. Munali Mayi Shanil Dzimbiri, munali oyendetsa ndege, aliyense ali ndi kwawo komwe akulira. Anthuwa amapita kukakhuza maliro a a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay, zimenezo zitchuleni.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ine funsolo musalichotse. Ulemu usatitseke pakamwa.

Mayi wa ku Ntcheu: Mwanawanga, sindikukutsutsa. Ngakhale kumudzi, mwinimbumba amaimirira n'kufotokozera anthu chomwe chatenga malemu, ndiye kufuna kudziwa si mwano. Koma wokhuza safika pakhomo ndi mlandu m'manja. Alembe kuti "tikupempha kuti mtundu udzauzidwe zonse zomwe zinachitika". Akumva amva.

Wofunsa: Zikomo amayi, chiganizo chimenecho ndachitenga. Nanga ndilembe m'Chichewa momwemu, kapena ku State House amafuna Chingerezi? Mtima wanga ukukana kulira m'Chingerezi.