Mavidiyo a pa Moodle akumaliza bandulo ya ophunzira, tichite bwanji?

Mphunzitsi wa masamu: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Chibwerereni ku msonkhano wa eLearning Africa ku Dar es Salaam mu Meyi 2025, ndakhala ndikujambula phunziro pa vidiyo n'kuliika pa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yoikapo maphunziro, kuti ophunzira aonere okha asanafike m'kalasi, kenako m'kalasimo tizingosova masamu pamodzi. Njirayi ndimaikhulupirira ndi mtima wonse. Koma a ODeL (ophunzira amene amaphunzira ali kutali ndi sukulu) ambiri sakutsegula n'komwe mavidiyowo. Mtsikana wina wandiuza kuti bandulo yake imathera pa phunziro langa lokha, ndiye amasankha kungodikira manotsi. Zandikhudza kwambiri.

Mphunzitsi wa mbiri: Pepani achimwene. Vidiyo imodzi ikumatalika bwanji?

Mphunzitsi wa masamu: Ola lathunthu mayi, monga mmene ndimaphunzitsira m'kalasi.

Mphunzitsi wa mbiri: Vuto layambira pomwepo. Ine ndinasiya vidiyo, ndimajambula mawu okha n'kuphatikiza PDF. Mawu a ola limodzi pa 32 kbps amakwana ma MB 14 okha, ndipo amamveka bwinobwino. Mwana amamvera ali m'minibasi kapena akuphika, ngakhale magetsi atazima bola foni ili ndi moto.

Mphunzitsi wa masamu: Kwa mbiri zikhoza kutheka, koma masamu amafuna maso. Mwana aone dzanja likutsika mzere ndi mzere, aone pamene chizindikiro chasintha. Mawu okha angamusokeretse.

Wa ICT: Nonse mukunena zoona. Bambo, vidiyo musaisiye, ingoichepetsani. Iduleni m'tizidutswa ta mphindi 6 kapena 8, kachidutswa kalikonse funso limodzi. Nkhope yanu isaoneke, jambulani pepala ndi dzanja basi, chifukwa chithunzi chosasunthasuntha chimapanikizika bwino. Mukatero idutsitseni mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera kukula kwa vidiyo, ndi yaulere, muitsitsire pa 480p. Manambala amawerengekabe ngati mwalemba ndi cholembera chakuda chonenepa.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: app ya Moodle ya pafoni imalola kudawuniloda zinthu za kosi n'kumaziona popanda intaneti. Koma fayiloyo muiike mu Moodle mwenimwenimo. Mukangoika linki ya YouTube, mwana adzafunika bandulo ulendo uliwonse woonera.

Mphunzitsi wa mbiri: Zoona. Ndipo a ODeL akabwera pa kampasi, tsiku loyamba lomwe akhale pa Wi-Fi adawunilode zonse za semesita. Amene watsala, anzake amupatsira pa Bluetooth.

Mphunzitsi wa masamu: Nanga ma quiz? Ndimafuna ndidziwe ngati aonera asanabwere.

Wa ICT: Amathekanso. Mu settings za quiz muli polola kuti ayankhe pa app popanda intaneti, mayankho amapita okha netiweki ikabwera. Chofunika n'chakuti musaike malire a nthawi, ndipo musankhe deferred feedback, kutanthauza kuti zotsatira zimaoneka mwana akamaliza n'kutumiza quiz yonse.

Mphunzitsi wa masamu: Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi mutu wa differentiation usiku uno, tizidutswa tinayi. Achimwene a ICT, ndikupezani Lachinayi m'mawa mundionetse HandBrake yo, ndibwera ndi laputopu.